Kwa asisi amene mtima umathamanga akadzudzulidwa

Asisi, ndawerenga funso lanu lija loti bwana wanu akakudzudzulani mumapsa mtima, mumayankha mokalipa kapena misozi imangolengeza, kenako usiku tulo osabwera chifukwa chodziimba mlandu. Ena muno akuuzani kale kuti musiye ntchitoyo. Ine sindikufulumira kutero. Ndine telala, ndipo pa ntchito yathuyi kudzudzulidwa ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku.

Chaka china ndinasoka madiresi 6 a chinkhoswe, onse a chitenje chimodzi. Mayi wina atabwera kudzayesa lake, shopu itadzaza anthu, anakuwa kuti: "Likundithina m'khwapa ili! Kodi munayeza ndi tepi kapena ndi maso?" Ndinamva kutentha kuchokera pakhosi mpaka m'makutu. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panatuluka mawu oti mwina anenepa chiwayezereni. Anavula diresilo, nalipira, natuluka osatsanzika. Madzulo nditayezanso ndinapeza kuti ndinalakwitsadi ndi inchi imodzi, yomwe ndikanaikonza pa mphindi zochepa. Mayiwo sanabwerenso, anzawo 5 aja chimodzimodzi.

Chomwe ndinadzaphunzira pambuyo pake n'chakuti thupi limayankha msanga kuposa nzeru. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala komwe kamakhala ngati mlonda. Kakamva zoopseza, kaya ndi galu wolusa kaya ndi mawu ochititsa manyazi pagulu, thupi limatulutsa adrenaline, mankhwala a m'thupi olikonzekeretsa kumenya kapena kuthawa, mtima n'kuyamba kugunda mwamphamvu. Katswiri wina wa ku America wofufuza za mabanja, John Gottman, anapeza kuti mtima ukamagunda kopitirira ka 100 pa mphindi pokangana, munthu samvanso bwino zomwe mnzake akunena, ndipo pamafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi lizizire. Ndiye si kuti ndinu munthu woipa, asisi. Mukungoyankha nthawi yomwe makutu atseka.

Apa ndi pomwe pamathandiza zomwe azungu amati mindfulness. Zinachokera ku kusinkhasinkha kwa Abuda, koma wasayansi wina wa ku America, Jon Kabat-Zinn, anazilowetsa m'chipatala mu 1979 ku University of Massachusetts, monga maphunziro a masabata 8 othandiza odwala ululu ndi nkhawa. Musaope, palibe chogwadira. Ndi kungozindikira zomwe zikuchitika m'thupi ndi m'maganizo mwanu pa nthawi yomweyo, osadzikalipira.

Ine ndimatere. Kasitomala akayamba kukweza mawu, ndimaika maganizo pa phazi langa lomwe lili pa chopondera cha makina, n'kumva kuzizira kwa chitsulocho. Ndimakoka mpweya ndikuwerenga chamumtima mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6. Kutulutsa mpweya motalika n'komwe kumatsitsa kugunda kwa mtima. Kenako ndimatchula chomwe ndikumva: awa ndi manyazi, uwu ndi mkwiyo. Zikumveka ngati zachibwana, koma ukachitchula dzina chimachepa mphamvu. Inu mulibe makina, koma muli ndi mpando, cholembera m'manja, mapazi pansi.

Osadikira tsiku la mkangano kuti muyambe. Ine ndimayeserera m'mawa podikira madzi a tiyi awire pa mbaula, mphindi 5 basi. Maganizo amathawira ku ngongole ndi fizi ya ana, ndimawabweza ku mpweya, amathawanso, ndimawabwezanso. Kubwezako ndiye ntchito yake.

Mtima ukatsika ndimafunsa funso limodzi: "Tandionetsani pomwe palakwika." Funso limeneli limasuntha nkhani kuichotsa pa ine n'kuiika pa nsalu. Komanso limapeta. Wodzudzula zoona amaloza ndi chala, apa, zipi yakhota. Wongofuna kuti ndimutsitsire mtengo amayamba kuzungulira. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma si aliyense wotsina amene ali mnansi, ndipo munthu wopsa mtima sangasiyanitse awiriwa.

Chinanso, kudekha si kulola kutukwanidwa. Ngati bwana wanu amakunyozani pamaso pa anzanu, nthawi yomweyo ingonenani kuti "Ndamva bwana, ndikonza," n'kulemba cholakwikacho. Mawa lake, nonse mitima itazizira, gogodani mu ofesi mwawo muwauze kuti cholakwa chija mwakonza, koma mukupempha kuti zina zikapezeka azikuitanirani pambali. Ngati ngakhale zitatero zonyozazo zikupitirirabe, pamenepo tidzakambe za kusiya ntchito kuja.

Musayembekezere kuti zitheka ulendo woyamba. Sabata yathayi mnyamata wina ananena kuti thalauza lake ndalifupikitsa, ndipo yankho lobaya linafika kale pa lilime. Ndinalimeza, ndinapuma, n'kutenga tepi. Muyezo unali womwe anandipatsa yekha, wolembedwa m'kope. Ndinangomuonetsa tsambalo, iye n'kuyamba kuseka.