Funsani za mbiri: asilikali akuda a gulu la 54 la ku Massachusetts

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa mbiri pasekondale ina kuno. Ana andifunsa ngati anthu akuda anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Ndinamvako za gulu lotchedwa 54th Massachusetts, loti linapululuka pa linga lina. Linali gulu lotani, ndipo chinalakwika n'chiyani? Mphunzitsi, Linthipe, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni anawo kuti anamenya nawo, ndipo anali ambiri: pafupifupi 180,000 m'gulu lankhondo la zigawo zakumpoto. Nkhondoyi inali ya 1861 mpaka 1865, ndipo gwero lake linali ukapolo umene zigawo zakummwera zinkakakamira. Pulezidenti Abraham Lincoln atalengeza za kumasulidwa kwa akapolo pa 1 January 1863, bwanamkubwa wa chigawo cha Massachusetts, John Andrew, anayamba kulemba asilikali akuda oyenda pansi a gulu la 54. Gulu linkakhala ndi makampani 10, iliyonse ya anthu pafupifupi 100. Akuluakulu onse anali azungu, ndipo mtsogoleri wawo, Robert Gould Shaw, anali ndi zaka 25 zokha. Lewis ndi Charles, ana awiri a Frederick Douglass, mtsogoleri wakuda wotchuka wolimbana ndi ukapolo, analembetsa nawo. Atatha maphunziro ku Readville, ananyamuka ku Boston pa 28 May 1863.

Linga mukunenalo ndi Fort Wagner, pachilumba cha Morris, lomwe linkatchinga doko la Charleston, mzinda wa a kummwera. Pa 18 July 1863 gululi linaikidwa patsogolo pa onse okaliukira. Mwa asilikali pafupifupi 600, okwana 272 anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Shaw anafera pamwamba pa khoma, ndipo adani anamuponya m'dzenje limodzi ndi asilikali ake.

Chimene chinawapha si mantha kapena kusadziwa ntchito. Mlandu uli pa akuluakulu amene anakonza nkhondoyo. Mkulu wa asilikali Quincy Gillmore anaombera lingalo ndi mizinga ya pamtunda ndi ya m'sitima kwa maola ambiri, n'kuganiza kuti adani mkatimo atheratu mphamvu. Koma khoma linali la mchenga ndi mitengo ya migwalangwa, ndipo mchenga umameza chipolopolo, suphwanyika ngati njerwa. Mkatimo munalinso chipinda chokwiriridwa ndi mchenga chobisalamo anthu mazanamazana. Mwa adani pafupifupi 1,700, amene anaphedwa kapena kuvulala ndi mizingayo sanakwane 30. Mizinga itangoleka, anatuluka n'kukhala m'malo mwawo.

Ndiye panali njira. Yofikira palingapo inali imodzi, kamchenga kopyapyala pakati pa nyanja kumanja ndi dambo kumanzere, m'lifupi mwake ngati theka la bwalo la mpira. Ganizirani ng'ombe 600 zikupanikizana pachipata chimodzi cha dibi. Mizere inasokonekera pamenepo, ena n'kumayenda m'madzi, ndipo mizinga ya adani inali italoza kale malo omwewo. Opulumuka anapeza ngalande ya madzi, kenako khoma lotsetsereka loti akwere, kunja kukuda. Anthuwa anali atamenya nkhondo ina pachilumba cha James pa 16 July, n'kuyenda masiku awiri m'matope ndi mvula osagona bwino, osadya mokwanira. Magulu oti awathandize anabwera motsatizana mochedwa, moti adani ankathana ndi gulu limodzi asanalandire lina. Usiku umenewo a kumpoto anataya anthu opitirira 1,500, a kummwera pafupifupi 200. Lingalo linadzagwa mu September, a kumpoto atakumba ngalande pang'onopang'ono mpaka kufika pafupi, adani n'kuthawamo usiku. Njira imeneyo inalipo kuyambira pachiyambi, ndipo zimatipweteka mtima kuti anaikumbukira anthu atatha kale.

FUNSO: Ine ndinapuma usilikali. Ife tinaphunzira kugona pansi, kukwawa ndi kutalikirana. Pazithunzi za nkhondo imeneyi ndimaona anthu ataimirira phewa ndi phewa, akuyenda molunjika mfuti za adani. Unali uchitsiru? Msilikali wopuma, Kampepuza, Ntcheu.

YANKHO: Bambo, vuto linali mfuti. Gulu la 54 linkanyamula Enfield, yomwe ndi gogodera ndithu, yodyera kukamwa, ngakhale inali ndi mizere m'kati mwa mpope yozungulitsa chipolopolo. Kuti iombe kamodzi, msilikali ankatulutsa kaphukusi ka pepala kokhala ndi onga ndi chipolopolo, kung'amba ndi mano, kukhuthulira onga mumpope, kulowetsa chipolopolo, kusolola ndodo yachitsulo, kutsindira, kubwezera ndodo, kukoka tambala, n'kuveka kachisoti ka mkuwa koyatsira onga. Katswiri ankaomba katatu pa mphindi imodzi. Zonsezi zimatheka bwino utaimirira. Utagona chafufumimba onga umatayika ndipo nthawi imachuluka. Munthu mmodzi anali wopanda mphamvu, koma anthu 500 oomba pamodzi anali moto weniweni. Komanso kunalibe wailesi. Lamulo linkayenda pakamwa, pang'oma ndi palipenga, ndipo utsi wa onga ukaphimba malo, msilikali ankadziwa komwe kuli anzake poona mbendera basi. N'chifukwa chake sajeni William Carney anatola mbendera wonyamula atagwa pa Wagner, n'kubwerera nayo ali ndi mabala angapo. Mendulo ya ulemu wapamwamba anadzaipatsidwa mu 1900.

Zolakwika zinali zambiri. M'thumba munkalowa zipolopolo 40, ndipo mpope unkamata mwaye ukaomba kambirimbiri, chipolopolo n'kumakana kutsika. Wina chifukwa cha phokoso sankazindikira kuti mfuti sinalire, n'kutsindira china pamwamba pa choyamba. Wina ankaiwala ndodo mumpope n'kuiombera kwa adani. Pa Wagner analamulidwa kuthira onga ndi chipolopolo koma osaveka kachisoti, kuti aliyense asaime panjira n'kuyamba kuomba, adalire mpeni wa kumfuti. Poukira linga nzeru imeneyi njomveka, chifukwa woima ndiye amafa. Koma mwalasa pamene mukudabwa: Enfield inkapha patali kuposa mfuti zakale zimene mizere yothinanayo inapangidwira. Pofika 1864 asilikali a mbali zonse anali atayamba kukumba maenje paliponse pomwe aima, monga munaphunzirira inu.

FUNSO: Nanga gululo linathera pa lingalo? Ndinamvanso kuti ankalipidwa mosiyana ndi azungu. Mayi wa ku Lizulu.

YANKHO: Silinathe, mayi. Edward Hallowell, amene anavulala pa Wagner, anatenga utsogoleri, ndipo ife timaona kuti ntchito yaikulu ya gululi inachitika pa 20 February 1864 ku Olustee, m'chigawo cha Florida. A kumpoto anagonja koopsa tsiku limenelo. Gulu la 54 linalowa chakumapeto n'kuima kumbuyo, kutchingira anzawo kuti athawe. Palibe ntchito yovuta kwa asilikali oyenda pansi ngati imeneyi: onse akubwerera, iwe ukuyang'anabe mdani, zipolopolo zikutha. Pobwerera ku Jacksonville, sitima yapanjanji yonyamula ovulala inawonongeka panjira. Kusiya ovulala akuda m'manja mwa adani kunali kuwapereka ku imfa kapena ku ukapolo, poti boma la kummwera linkati msilikali wakuda ndi kapolo woukira. Asilikaliwa, otopa kale, anamanga zingwe kusitimayo n'kuikoka ndi manja panjanji makilomita pafupifupi 5, kufikira pomwe anapeza akavalo owathandiza.

Zonsezi ankachita osalandira kanthu. Polembedwa anawalonjeza madola 13 pamwezi ngati azungu. Boma linabwera ndi madola 10, n'kuchotsapo 3 a zovala, kutsala 7. Anakana kulandira. Boma la Massachusetts litati liwonjezere zotsalazo, anakananso, chifukwa chimene ankafuna chinali choti boma lalikulu liwaone ngati asilikali enieni. Kwa miyezi 18 akazi ndi ana awo ankavutika kumudzi, makalata odandaula akubwera. Nyumba ya malamulo inakonza nkhaniyi mu June 1864, ndipo ndalama zawo zonse analandira mu September chaka chomwecho.

Anamenyanso ku Honey Hill pa 30 November 1864, ndi ku Boykin's Mill pa 18 April 1865, patatha masiku 9 mkulu wa asilikali a kummwera, Robert E. Lee, atagonja kale ku Appomattox. Gululi linatsekedwa mu August 1865.