Kodi mungaloledwe kusaka nkhumba zam'tchire m'paki ya boma ku New South Wales?

Bambo, mwalemba kuti mukugwira ntchito ku New South Wales, limodzi mwa maboma a ku Australia, ndipo mnzanu wakuitanani kuti Loweruka mukasake nkhumba zam'tchire m'paki ina ya boma. Akuti palibe mlandu chifukwa boma lomwelo likufuna nkhumbazo zithe, ndipo mfuti adzakubwerekani yake. Chonde musapite. M'mawu akewo muli milandu iwiri, ndipo waukulu ndi wa mfutiwo.

Mnzanuyo sananame zonse. Nkhumba, mbuzi, agwape, nkhandwe, amphaka ndi akalulu si nyama za ku Australia, zinachita kubwera ndi anthu, ndipo zikuwononga zedi. Mukafika pa dambo pomwe nkhumba zadutsa usiku mumapeza nthaka yonse yatembenuzidwa ngati walima ndi thirakitala, madzi asanduka matope. Koma kuwononga kwa nyamazi sikupatsa munthu aliyense chilolezo cholowa m'paki ndi mfuti. Mapakiwa amayendetsedwa ndi National Parks and Wildlife Service potsata lamulo la 1974, ndipo kusaka mmenemo popanda chilolezo chawo ndi mlandu.

Chisokonezochi chinayamba mu 2012, pomwe boma la New South Wales, lotsogozedwa ndi Barry O'Farrell, linagwirizana ndi chipani cha Shooters and Fishers kuti alenje aziloledwa m'mapaki 79, posinthana ndi mavoti ogulitsira malo opangira magetsi. Anthu oyenda m'mapaki komanso ogwira ntchito mmenemo anakana kwamtuwagalu. Mu 2013 bungwe la Game Council, lomwe linkapereka ziphaso zosakira, linathetsedwa kafukufuku atapeza kuti silinkayendetsedwa bwino. Chomwe chinatsala ndi ndondomeko ya Supplementary Pest Control, yomwe inayamba mu 2014 m'mapaki 12. Apo alenje odzipereka amachita kusankhidwa, kuyesedwa luso, ndipo amawombera moyang'aniridwa ndi ogwira ntchito m'pakimo, tsiku ndi malo zitakonzedwa kale. Ambiri anamva za 2012 zokha, za kumapetozi sanazitsate. Mwinanso mnzanuyo wamva za ku Victoria, komwe amalola kusaka agwape m'zigawo zina za Alpine National Park, koma limenelo ndi boma lina, malamulo ake ndi ena.

Tsopano za mfuti. Lamulo la Firearms Act 1996 limati kukhala ndi mfuti kapena kuigwiritsa ntchito opanda laisensi yanuyanu ndi mlandu womwe chilango chake chingafike zaka 5 m'ndende, ngakhale ikhale mfuti wamba yosakira. Laisensi ya mnzanu sikutetezani inu, ndipo iyenso angataye yake pokupatsani mfutiyo. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi visa yanu. Gawo 501 la Migration Act 1958 limalola boma kulanda visa ya munthu yemwe wagamulidwa miyezi 12 kapena kuposerapo, ndipo ngakhale mlandu wocheperapo mudzayenera kuuulula popempha kukhala nzika. Zaka zonse mwavutikirazi zisathere pa nkhumba imodzi.

Njira yovomerezeka ilipo, koma imadzera m'nkhalango za boma zotchedwa State forests, zomwe ndi zosiyana ndi mapaki ngakhale zina n'zoyandikana mpaka malire osaoneka bwino. Mulowe kaye gulu la alenje lovomerezeka, mulembe mayeso, kenako mupemphe chiphaso cha R-licence pansi pa Game and Feral Animal Control Act 2002. Ulendo uliwonse muzitenga chilolezo cholembedwa cha nkhalango ndi masiku omwe mukupita, chomwe chimapezeka pa intaneti. Muziyenda nacho m'thumba, mutavala chovala chowala cha olenji kuti mlenje mnzanu asakuyeseni nyama, komanso muli ndi GPS yosonyeza malire. Laisensi ya mfuti imapemphedwa padera ku polisi, ku Firearms Registry, munthu ataphunzira kagwiridwe kake ndi kupereka chifukwa chomveka, koma funsani kaye kumeneko ngati munthu yemwe si nzika amaloledwa kuipeza. Uta ndi mivi sizifuna laisensi ya mfuti, koma R-licence ikufunikabe. Pa famu ya munthu, choyamba ndi chilolezo cha mwini malo. Kulikonseko, kangaroo ndi wallaby ndi nyama zotetezedwa, musaziloze n'komwe.

Ngati munapitako kale ndipo oyang'anira paki kapena apolisi akufunsani, perekani dzina ndi adiresi yanu yoona, musathawe ndipo musakangane nawo. Pa mafunso a apolisi okhudza mlanduwo muli ndi ufulu wonena kuti muyankha mukaonana ndi loya, ndipo musasayine pepala lomwe simunalimvetse. Akakupatsani chikalata cha chindapusa mungathe kulipira, kupempha Revenue NSW, nthambi ya boma yotolera zindapusa, kuti iunikenso, kapena kusankha kukaonekera ku Local Court, koma yang'anani tsiku lomaliza lomwe lalembedwapo lisadutse. Mukaitanidwa ku khoti pa nkhani ya mfuti, imbirani LawAccess NSW kapena Legal Aid NSW, omwe amathandiza anthu pa nkhani za malamulo, tsiku lomwelo, ndipo muuze loyayo mtundu wa visa yanu musanavomere kapena kukana mlandu.