Mwana wanga akufuna ukochi wa baseball: amayambira pati?

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku America wandilembera imelo. Mwana wawo wamwamuna akumaliza koleji chaka chamawa, amasewera baseball m'timu ya pasukulupo, ndipo wanenetsa kuti akufuna ukochi basi. Funso lawo: "Kodi ntchito imeneyi imadyetsa munthu? Nanga poti mwana wangayu si katswiri wotchuka, angamulembe ndani?"

Amayi, za kutchukazo mtima ukhale m'malo. Tim Corbin, amene anapambana chikho cha makoleji a dziko lonse ngati kochi wa yunivesite ya Vanderbilt mu 2014 ndi 2019, ankasewera ku Ohio Wesleyan, koleji yaing'ono ya Division III, gawo lotsika la masewero a makoleji. Pamene pali minga ndi pa zaka zoyambirira.

Kwa nthawi yaitali khomo lolowera linali udindo wa volunteer assistant, wothandizira kochi mongodzipereka. Sukulu sinkamulipira munthuyo, ankadalira ndalama za makampu ophunzitsa ana nthawi ya tchuthi, kwinaku akuponyera osewera mipira pokonzekera masewero mpaka phewa kuwawa. Mu 2023 bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a makoleji, linathetsa udindowu mu Division I, gawo lapamwamba kwambiri, ndipo timu tsopano ikhoza kukhala ndi makochi anayi olipidwa. Zinthu zasinthako, komabe mnyamata wongomaliza kumene sayambira pamwamba apo. Ambiri amayambira ku junior college (koleji ya zaka ziwiri), ku NAIA (bungwe la makoleji aang'ono), ku Division III, kapena ngati graduate assistant (wothandizira kochi kwinaku akuphunzira), kumene malipiro enieni ndi kuchepetseredwa fizi ya digiri yachiwiri. M'chilimwe amakagwira m'maligi monga Cape Cod League kapena Northwoods League kuti adziwike. Kunena mosabisa, zaka zimenezi mwina lendi muzimuthandiza ndinu.

Chimene chimakweza munthu pantchitoyi, m'kuona kwanga, ndi luso losaka osewera, lomwe kumeneko amati recruiting. Kuphunzitsa kumenya mpira ambiri amatha. Koma kuyendetsa galimoto mtunda wautali kukaonera mwana wa sekondale, kuzindikira kuti uyu adzakula bwino, kenako kukhala pabalaza ndi makolo ake n'kuwakopa, amatha ndi ochepa. Ntchitoyi inkavuta kwambiri chifukwa kwa zaka zambiri timu ya Division I inkaloledwa masikolashipu okwana 11.7 okha, pa timu ya anyamata oposa 30. Ndiye ukamupeza mwana waluso kwambiri, matimu a MLB, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, akhoza kumutenga pa draft (nthawi yosankha osewera atsopano) asanaponde n'komwe pasukulupo, thukuta lako lonse n'kupita pachabe.

Tony Vitello anakwera ndi luso limeneli. Anayamba ngati volunteer ku yunivesite ya Missouri mu 2003, anadutsa m'mayunivesite a TCU ndi Arkansas akadali wothandizira, ndipo Tennessee inamupatsa timu mu 2017. Mu 2024 anapambana College World Series, chikho cha makoleji chija, ku Omaha, ndipo mu 2025 timu ya MLB ya San Francisco Giants inamutenga kukhala manejala, iye asanasewerepo kapena kuphunzitsapo mpira wa akatswiri olipidwa. Koma taonani: zaka 14 akunyamulira anzake chikwama.

Ndipo makwerero ake sawongoka. Corbin yemwe uja anali kale kochi wamkulu ku Presbyterian College kuyambira 1988 mpaka 1993, koma anausiya mpandowo kukakhala wothandizira ku Clemson mpaka 2002, chifukwa sukulu zazikulu zimafuna munthu amene wasakapo osewera pamlingo wawo. Kusamukasamuka kotereku kumavuta banja, ndipo kochi wamkulu akachotsedwa, nthawi zambiri othandizira ake amapita naye limodzi.

Panopa mwana wanuyo amalize digiri, chifukwa makoleji ambiri salemba kochi wopanda pepala. Alankhule ndi kochi wake chaka chino, osadikira atamaliza. Ntchito zoyambirazi kawirikawiri zimapezeka kochi akaimbira mnzake foni. Ngati ali pa viza ya sukulu, akafunse kaye ku ofesi yoona za ophunzira akunja asanavomere ntchito iliyonse, ngakhale yosalipidwa.