Malo ndi anga, bwanji ena andiuze kamangidwe?

FUNSO: Zikomo akonzi. Malemu bambo anga anatisiyira sitolo yakale ku Limbe, denga lake likudontha ndipo khoma lina lang'aluka. Ndikufuna kuigwetsa ndimange yosanja. Wojambula pulani akuti khoma lisafike pamsewu, ndisiye njira ya oyenda pansi, ndionetsenso kopita madzi a padenga ndi poimika galimoto, apo ayi pulaniyo sidutsa. Malowo ndi athu, lizi tili nayo. Nanga ena akulowererapo chifukwa chiyani? — Mwini sitolo, Limbe

YANKHO: Pepani bambo, koma wojambulayo sanakunamizeni. Lizi imasonyeza kuti malo ali m'manja mwanu, chilolezo chomanga ndi pepala lina. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, silola munthu kumanga mumzinda komiti yoona za mapulani isanavomereze. Mukamanga mwamakani angathe kuimitsa ntchito, ngakhalenso kugwetsa chimene mwamangacho.

Zoopseza zikwane pamenepo. Ine ndikufuna tikambe za khonde.

Ndimayenda pansi, ndipo mvula ya mu Januwale ikandipeza ku Limbe ndimadziwa kothawira: kumasitolo akale aja a amwenye, amene makonde awo analumikizana kotero kuti munthu umadutsa masitolo angapo osanyowa. Ukamadikira kuti ikate, maso amagwera pa nsalu, pa mapoto, mwina n'kugula loko amene sunabwerere. Amene anamanga masitolowo ankadziwa malonda. Ngakhale Mandala House, yomangidwa mu 1882 ndipo ilipobe, yazunguliridwa ndi khonde. Tsono taganizani za nyumba yatsopano yamagalasi, khoma lake lathera pa phula penipeni, khomo lili kumbali, kutsogolo kwadzadza magalimoto. Mayi wobereka mwana azilambalala mumsewu kulimbana ndi maminibasi. Ameneyo alowa m'sitolo mwanu? Khoma lakutsogololo mulipira ndinu, koma amene azikhala nalo tsiku ndi tsiku ndi anthu odutsa, ndipo malangizo a kamangidwe ka pakati pa tauni amalembedwa poganizira iwowo.

Za madzi musanyinyirike n'komwe. Denga lalikulu ndi bwalo la simenti sizimwa madzi, onse amathamangira mungalande, ngalande ikatsekeka alowa m'sitolo ya mnzanu wakumunsi. Amene tinali mu Blantyre mu Malichi 2023, namondwe Freddy atafika, sitifunsanso kuti madzi osowa njira amatani.

Pa nkhani ya poimika galimoto pokha ndikumverani chisoni, chifukwa mapuloti akale a ku Limbe ndi opanikizika. Funsani ngati malowo angakhale kuseri, kutsogolo kutsale kwa anthu. Zotere zimakambidwa pulani ikadali papepala.

Chinanso, musafulumire kuitana anyamata a nyundo. Akuluakulu akukumbuka nyenyezi yofiira imene inkapakidwa pa nyumba zakutha nthawi ya Kamuzu, kusonyeza kuti zikonzedwe kapena zigwetsedwe, ndipo ambiri tinazolowera kuganiza kuti chakale n'chogwetsa basi. Itanani injiniya aone mng'aluwo kaye. Ngati maziko ali bwino, kukonza kungakutsikireni mtengo. Kenako tengani lizi ndi pulani yoyambirira, mupite ndi wojambula wanuyo ku ofesi ya mapulani kukhonsolo, akuuzeni zimene zimaloledwa pamsewu wanuwo musanagule thumba limodzi la simenti.