Kodi boma limabwezera ndalama chimanga chikapserera?

Achemwali ena a ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare, anditumizira imelo. Akuti bambo awo amalima kamunda cha ku Mazowe, ndipo amva kuti kukagwa chilala boma limapereka ndalama kwa alimi omwe mbewu zawo zapserera. Akufunsa kuti akawalembetse kuti.

Achemwali, ndisakunamizeni. Zoti munthu wa boma abwere kudzawerenga matumba omwe bambo akanakolola n'kuwapatsa ndalama zake, mlimi wamng'ono muno mu Zimbabwe asaziikire kumtima. Thandizo limabwera ndithu, koma kawirikawiri limakhala chakudya, mbewu ndi feteleza.

Mukukumbukira 2024, mvula itadula chimanga chisanakhwime chifukwa cha El Niño? Pa 3 Epulo Pulezidenti Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi, nati pakufunika madola 2 biliyoni a ku America. Bungwe la inshuwalansi la African Risk Capacity linalipira boma madola oposa 16 miliyoni, ndipo ndikuganiza kuti mphekesera munamvayi inachokera pamenepa. Koma ndalamazo sizinali zogawana pamanja. Kumudzi anthu ankalandira chakudya chochokera ku GMB (Grain Marketing Board, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga), makilogalamu 7.5 munthu mmodzi pamwezi. Ndondomeko ya ndalama inali ya mabanja osauka a m'tauni.

Chomwe chingawakhudze bambo anu ngati mlimi ndi ndondomeko ya boma ya ulimi yotchedwa Pfumvudza. Amakumba mayenje mvula isanagwe, n'kuphimbira ndi udzu kapena mapesi, kenako mlangizi wa Agritex, yemwe anzathu kuno amati mudhumeni, amaona mundawo n'kulemba dzina kuti adzalandire mbewu ndi feteleza. Ntchito yake ndi yothyola msana, koma chinyontho chimakhalitsa.

Tsono nkhani yaikulu kwa ife ana a anthu omwe anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi chitupa. Mayina amalembedwa kudzera kwa sabhuku (nyakwawa ya mudzi) ndi khansala, ndipo ambiri mwa ife tinakulira m'makomboni a m'mafamu, kopanda mfumu yotidziwa. Amalume anga anapita tsiku logawa atakankha wilibala, thumba lopanda kanthu atalipinda bwinobwino m'khwapa. Anakhala padzuwa mpaka mayina onse anatha, lawo osamveka. Anabwerera wilibala ikulira yokha. Chitupa chawo chinali chakale chija cholembedwa kuti ndi mlendo, ndipo palibe anawauza kuti malamulo a dziko a 2013 amati wobadwira muno, kholo lake lili la dziko la m'bungwe la SADC ngati Malawi, ndipo anali kukhala muno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika.

Choncho yambani n'kuona chitupa cha bambo. Ngati n'chakale, apite nacho kwa olembetsa zitupa pamodzi ndi kalata ya kubadwa. Akatero akaonane ndi khansala ndi mudhumeni panopa, osadikira kuti malole afike.

Ndipo wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp woti mulipire kaye madola asanu kuti dzina lilowe, ameneyo ndi wakuba, musamutumizire kanthu.