Injini yamphamvu siikufikitsani msanga ku Blantyre

Achimwene, mwafunsa ngati ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre ungafupike mutagula galimoto yonyamuka mwamphamvu, yoti ukangoponda moto yafika kale pa makilomita 80 pa ola. Ufupika ndithu, koma ndi masekondi chabe.

Tiyerekeze kuti liwiro likukwera mofanana sekondi iliyonse. Galimoto ina ikufika pa 80 m'masekondi 10, ina m'masekondi 20. Pochoka pa ziro kukafika pa 80, mtunda umene galimoto imayenda ndi wofanana ndi umene ikanayenda itakhala pa 40 nthawi yonseyo. Ndiye kuti theka la nthawi yonyamukirayo ndi limene latayika: yoyamba yataya masekondi 5, yachiwiri 10. Zikangofika pa liwiro lololedwa, ziwirizi ndi chimodzimodzi, mphamvu yotsala ija yangokhala mu injini. Muime ka 20 ngati mukufuna, pa Kalinyeke, pa Chingeni, pa rodibuloko ya Zalewa ndi kwina konse, yamphamvuyo yapindula masekondi 100. Pomwe makilomita pafupifupi 310 a msewu wa M1, mutayenda pa 80 osaima, amadya maola atatu ndi mphindi 52.

Pakanapanda malire a liwiro bwenzi nkhani ili ina. Galimoto yomangowonjezera liwiro ndi mamita awiri pa sekondi, sekondi iliyonse osalekeza, ikanafika ku Blantyre m'mphindi 9, ikuthamanga makilomita 4,000 pa ola. Palibe injini ya galimoto kapena tayala limene lingapirire zimenezo, koma zikuonetsa kuti chimene chimalamula nthawi ya ulendo wautali ndi denga la liwiro, osati kanyamukidwe.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi malo oyenda pang'onopang'ono. Munthu amati theka la njira ndayenda pa 100, theka lina pa 50, ndiye kuti ndinali pa 75. Ayi ndithu. Makilomita 100 pa 100 ndi ola limodzi, makilomita 100 pa 50 ndi maola awiri. Makilomita 200 m'maola atatu ndi 67 pa ola. Pamene ukuyenda pang'onopang'ono ndi pamene umakhalitsa, n'chifukwa chake liwiro lotsika limakokera ulendo wonse kumbali yake. Lole yokwawa pachikweza kwa mphindi khumi imakulandani zambiri kuposa zonse zimene injini yaikulu ingakubwezereni tsiku lonse.

Koma musamve ngati ndikuti muzidutsa pa chikwangwani cha 50 muli pa 80. Kilomita imodzi pa 50 ndi masekondi 72, pa 80 ndi 45. Kudutsa pa Lizulu kapena pa Lunzu mothamanga, tinene makilomita awiri, mwapulumutsa masekondi 54, osakwana n'komwe mphindi. Pomwe mtunda woimira mukaponda mabuleki sukula molingana ndi liwiro, umakula molichulukitsa lokha: pa 80 ndi wotalika kawiri ndi theka kuyerekeza ndi pa 50, pa 100 ndi kanayi. Ndipo pamalo amenewa ndi pamene pali amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa tala, akabaza, ana ndi mbuzi. Apolisi apamsewu akakuimitsani ndi kamera yawo ija, masekondi 54 aja apita, ndi chindapusa pamwamba.

Kumene mphamvu yonyamukira imaoneka ndi m'tauni, pomwe umaima pafupipafupi pamaroboti, komabe ngakhale kumeneko mzere wa magalimoto sukulola kuigwiritsa ntchito. Phindu lenileni limene ine ndimavomereza ndi la podutsa lole, chifukwa umakhala nthawi yochepa kumbali ya magalimoto obwera. Ngati chimene mukufuna ndi nthawi, nyamukani m'mamawa misika isanadzaze ndipo thirirani mafuta okwanira ku Lilongwe konko. Kuima kamodzi pogula chipisi pa Ntcheu ndi mphindi 15, masekondi 900.