Kumata makapeti oletsa kuterera pa jet ski

Mwafunsa mmene mungamatire makapeti atsopano opondapo pa jet ski yanu (njinga yamoto ya pamadzi), popeza akale ayamba kumatuka m'mbali. Achimwene, ntchito yaikulu si kumata ayi, koma kuchotsa guluu wakale. Mukamusiyako ngakhale pang'ono, makapeti atsopanowo sakhalitsa.

Tenthetsani kapeti wakale ndi chowumitsira tsitsi kapena heat gun (chida chotulutsa mpweya wotentha kwambiri), koma muziyendetsa dzanja, chifukwa kutentha kukakhala malo amodzi kumawononga gelcoat, utoto wolimba wonyezimira wokuta thupi la jet ski. Palani ndi chopalira cha pulasitiki, chachitsulo chimakanda. Zotsalira muchotse ndi mankhwala osungunula guluu, kenako mupukute ndi isopropyl alcohol (spiriti wopukutira) mpaka pauma. Mankhwala osungunulira otchedwa acetone ine ndimawapewa, amatha kudya penti ndi mapulasitiki ena.

Musanachotse pepala lakumbuyo lophimba guluu, yalani kaye kapeti watsopanoyo pamalo pake n'kuika masking tape m'mbali kuti muone pomwe akhale. Guluu wa kampani ya 3M wakumbuyo kwa kapeti akagwira wagwira, simungasunthenso. Matulani pepalalo pang'onopang'ono uku mukukanikiza kuyambira pakati kupita kunja, kuti mpweya usatsalire mkati. M'makona ndi mopindika ndi momwe anthu ambiri amalephera. Pamenepo tenthetsani pang'ono kuti EVA, siponji yomwe amapangira kapetiyo, ifewe, ndipo mukanikize mwamphamvu ndi chala kapena kachogudubuza.

Ngati makapeti anu alibe guluu kumbuyo, pakani guluu wotchedwa contact cement mbali zonse ziwiri, pa kapeti ndi pa jet ski, mudikire mpaka asiye kumatirira kuchala, ndiye muphatikize.

Gwirani ntchitoyi tsiku lofunda, pamthunzi, ndipo mudikire maola osachepera 24 musanalowe nayo m'madzi.